Kwa Azakhali: Njinga ya Mwini Sakankha Usanafunse

Ana anga, sabata ino makalata atatu afika ngati eni ake anachita kupangana, onse akukamba za njinga za olumala. Ndiyamba ndi mnyamata wa ku Ndirande chifukwa khutu lake ndi limene likufunika kutsinidwa msanga.

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29 ndipo ndimawotcherera zitsulo. Ndili pachibwenzi ndi mtsikana amene amayendera njinga ya olumala chifukwa anadwala poliyo ali wamng'ono. Ndi telala, ali ndi makina ake opukusa ndi dzanja pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Ndikufuna kumanga naye banja koma zinthu sizikuyenda. Mayi anga akuti ndikudzisenzetsa mtolo. Akufunsa kuti madzi azikatunga ndani, nanga mwana adzabereka bwanji. Komanso Loweruka lapitali tili mumsika ndinaona kuti akuvutika pachitunda, ndiye ndinangogwira njinga yake n'kuyamba kukankha. Anandizazira pagulu, ndipo mpaka lero mauthenga anga akungoyankha kuti "chabwino". Kunyumba kwanga amakana kubwera, akuti safuna kunyamulidwa ngati thumba la chimanga. Ndalakwanji, Azakhali? Ine ndimangofuna kuthandiza.

Wothedwa Nzeru, Ndirande

Mwana wanga, nzeru zako sizinathe ayi. Zonse zilipo, sunayambe wazigwiritsapo ntchito. Khala pansi apo.

Ukuti unaona kuti akuvutika. Anakuuza ndani? Munthu amene wakhala akupalasa njinga kuyambira ali pasukulu amadziwa chitunda chilichonse cha mu Limbe kuposa iwe woyenda ndi miyendo, amene sudziwa n'komwe kuti msewu wapendekera mbali iti. Pachitunda amachepetsa liwiro dala, amaweramira kutsogolo, nthawi zina amakwera mokhotakhota kuti mapewa asatope. Mwinanso anangoima kuti aone chitenje. Iwe n'kunyang'ama chakumbuyo, gwi, n'kuyamba kumuyendetsa. Tandiuza, wina atakugwira m'chiuno mumsika n'kumakupititsa kumene akufuna iyeyo, ungamuuze kuti zikomo? Njinga imeneyo kwa mwini wake ndi thupi lake ndithu. Kukhala bwenzi lake sikukupatsa chilolezo choigwira mmene wafunira.

Si nkhani ya ulemu wokha. Manja ake amakhala ali pamagudumu, ndiye ukakankha modzidzimutsa zala zimatha kulowa m'masipoko. Timagudumu takutsogolo tija tikagunda mwala kapena tikalowa m'kangalande, njinga imaima nji, koma munthu saima, amagwa chafufumimba. Ukanakhala kuti unamutola m'matope a pamsika anthu akuonerera, bwenzi lero ukundilembera kalata ya mtundu wina.

Funso lake ndi lalifupi: "Ndikukankhe?" Akati ayi, yenda pambali pake, osati kumbuyo, munyamulire jumbo ya tomato, muzicheza monga achitira anthu achibwenzi. Akati eya, funsanso kuti ukankhe bwanji. Potsika sitepe adzakuuza yekha ngati akufuna kutsika chafutambuyo kapena kuti upendeketse njinga iime pamagudumu akuluakulu okha. Mukamanyamula muli awiri, usagwire popondera kapena potsamiritsa mikono, chifukwa panjinga zambiri zimenezo zimazuka, udzatsala nazo m'manja mnzako ali pansi. Gwira felemu. Wa zitsulo ngati iwe sindingachite kukulozera felemu. Tsopano pita ukapepese pamaso, osati pa WhatsApp, ndipo usakayambe ndi mawu akuti "ndimafuna kukuthandiza". Amenewo anawamva kale kwa anthu ambiri, ena mwa iwo atangomugwetsa kumene.

Tibwere kunyumba kwakoko. Sunandiuze kuti pakhomo pali masitepe angati, koma Ndirande ndimaidziwa: nyumba zokwera phiri, tinjira todzaza miyala, madzi a kubafa akudutsa pakati. Tinene kuti masitepe ndi atatu, iliyonse yotalika masentimita 15. Amisiri odziwa ntchito amati pa sentimita imodzi yokwera pamafunika masentimita 12 a mtsetse. Chita masamu. Masitepe ako atatuwo akufuna rampu ya mamita pafupifupi 5 ndi theka. Malo akachepa, ikhote n'kukhala ndi popumira pakati. Ndikunena izi chifukwa ndaona marampu ambiri m'tauni muno amene anangomangidwa kuti bwana aone kuti ilipo, otsetsereka moti ngakhale mnyamata wa wilibala amawalambalala. Ya iwe isakhale yotero. Usaipakenso polishi wofiira kuti iwale, simenti yake ikhale yokhakhala kuti magudumu azigwira nthawi ya mvula.

Chitseko chikhale chotambalala masentimita 90 kapena kuyandikira pamenepo. Koma chimene chikumuletsa kwenikweni kubwera, chimene mtsikana sangakuuze pamaso, ndi chimbudzi. Kachimbudzi kako ka dzenje kuseri kwa nyumba, kolowera mopendekeka, pansi ponyowa, akalowamo bwanji? Akwawe? Chimafunika chitseko chotsegukira kunja, malo okwanira kuti njinga ilowe n'kutembenuka, mpando wokwera wokhala ndi bowo pamwamba pa dzenje, ndi zitsulo zogwirira kukhoma. Zitsulo, mwana wanga. Iwe umakhalira kuwotcherera mageti ndi mabagalabazi a anthu ena tsiku lonse, walephera kuwotcherera mapaipi awiri a munthu amene ukuti umamukonda? Pangalande ya madzi a kubafa ika silabu. Mbaula uipangire miyendo kuti azitha kuvundula nsima ali panjinga popanda makala kugwera pamiyendo. Bedi likhale lofanana msinkhu ndi mpando wa njinga yake kuti azisamuka yekha. Alandilodi akakana, funa nyumba ina kumunsi, kufupi ndi msewu. Usanagule thumba la simenti ndi limodzi lomwe, mutenge mwini wake akuuze miyeso. Ukangochita za m'mutu mwako udzakhala wamukankhanso kachiwiri.

Mayi akowo ndi alamu anga, ndiwayankha mwaulemu. Za madzi, akufunsa ngati kuti iweyo unabadwa wopanda mutu ndi mapewa. Pampopi si patali, ndipo ndowa sifunsa kuti wainyamula ndi mwamuna kapena mkazi. Za mwana, poliyo ndi kachilombo kamene kamalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi, n'kufooketsa minofu, kawirikawiri ya miyendo. Sikakhudza chiberekero, ndipo si matenda akumtundu oti mwana n'kutengera. Chomuteteza mwana ndi katemera, yemwe uja azaumoyo anayenda naye khomo ndi khomo mu 2022 matendawa atapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe. Akadzaima, mudzayambe sikelo msanga, iwe udzapite naye, ndipo mudzakambirane ndi anamwino za kuchira kuchipatala nthawi ikadalipo. Wina akadzamuyang'ana mimba n'kunena kuti "nanunso?", udzayankhe ndiwe kuti "eya, ndi ineyo".

Uwakumbutsenso alamu angawo za malemu Rachel Kachaje, amene anadwala poliyo ali ndi zaka zitatu, n'kudzakhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba mu 2013, nthawi ya Joyce Banda, akuyendera njinga yomweyi. Koma usakawalonjeze kuti mpongozi wawo adzakhala nduna. Munthu safunika kukhala nduna kuti ayenere banja, utelala wakewo wakwana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Iwe amene umakwera kabaza wopanda chipewa m'mawa uliwonse uyenera kumva mwambi umenewu kuposa wina aliyense. Ndipo tikati tiwerengetsere za mtolo, sukulu zikamatsegulidwa mtsikanayo amasoka mayunifolomu mpaka usiku ndi makina osadalira magetsi, pamene iwe magetsi akazima umangokhala pabenchi kusewera bawo. Mtolo ndani pamenepa?

Chimodzi sunandiuze. Wamufunsira kale, ndipo wavomera? Kalata yako yonse ukulemba ngati iyeyo wangokhala duu kudikira kuti mayi ako amulole. Mmene ndikuonera "chabwino" akukutumizirayo, ankhoswe asavutike kusita majekete pakadali pano.

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni. Ndinavulala msana pangozi ya njinga yamoto, choncho ndimayendera njinga ya olumala yopinda. Vuto langa ndi minibasi. M'mawa zambiri zimangondidutsa, ndipo imene yaima kondakitala amati ndilipire mipando iwiri, wina wa njinga. Masana sindimwa madzi chifukwa chimbudzi cha kuntchito sindingalowemo. Tsiku lina ndikudikira basi, bambo wina anandiponyera K500 pamiyendo, wina anandigwira pamutu n'kuyamba kundipempherera. Ndatopa, Azakhali. Ndiziwayankha chiyani anthu amenewa?

Wotopa, Lilongwe

Mwana wanga, wa K500 uja ukanamuitana n'kumuuza kuti, "Bambo, mwagwetsa ndalama, komanso ndikuona kuti nsapato yanu ikufuna kusokedwa, muigwiritse ntchito kumeneko." Wopemphera uja muuze kuti, "Zikomo abusa, koma pemphererani kondakitala, ine ndili bwino." Tsiku limene ulibe mphamvu yoseka, mawu akuti "chotsani dzanja" ndi okwanira. Palibe amene anakulemba ntchito yophunzitsa mzinda wonse wa Lilongwe khalidwe.

Za makondakitala zandiwawa. Anthu omwewa amakweza matumba a makala, mitolo ya nzimbe ndi mbuzi yomanga miyendo, malo n'kupezeka, koma njinga yopinda akuti ikufuna mpando wake. Kukulipiritsa njinga n'kukulipiritsa miyendo. Chimene amaopa ndi mphindi ziwiri zokukwezazo, poti mnzawo wa kumbuyo awapitirira n'kukatola anthu a pasiteji yotsatira. Sindikuwaikira kumbuyo, ndikungokuuza pamene pagona nkhani kuti udziwe pogwira. Amayi ambiri oyendera njinga amachita kupangana ndi dalaivala mmodzi kapena awiri a msewu wawo: nambala ya foni, nthawi yodziwika, mpando wakutsogolo, njinga kubuti. Kondakitala akazolowera kupinda njinga yako amachita mwachangu, ndipo kasitomala wa tsiku ndi tsiku palibe amamukana. Muonetse wekha popindira ndi pogwira, chifukwa akaiponya mwankhanza n'kupindika gudumu, amene akhale pakhomo sabata yonse ndiwe. Khushoni usamapereke kubuti, uzikhalira m'basi momwemo.

Komabe kupangana ndi dalaivala ndi nzeru yongopulumukira, ufulu wako ndi wina. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, mu 2012 tinakhala ndi lamulo lathu la anthu aulumali, ndipo mu 2024 linabwera latsopano limene linasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lija linayamba mu 1971, kukhala MACODA. Mapepala tili nawo ambiri, ana anga, chosowa ndi anthu owagwedeza. Lemba nambala ya minibasi, tsiku ndi siteji, ukadandaule ku MACODA kapena ku Malawi Human Rights Commission. Lowanso m'gulu la anzako kudzera ku FEDOMA, chitaganya cha mabungwe a anthu aulumali. Dandaulo la munthu mmodzi amaliika m'kabati, koma njinga khumi zikaima pakhomo la ofesi mlonda amathamanga kukaitana bwana.

Pamene sindikusekerere ndi pa madzi. Munthu wovulala msana amadwala msanga matenda a chikhodzodzo, ndipo kudzimana madzi tsiku lonse kukutentha kwa Lilongwe n'kuwaitana dala. Akakwera n'kufika ku impso ndi nkhani ya kuwodi. Mkodzo ukada, ukayamba fungo lachilendo, kapena ukamva kutentha thupi ndi kuzizidwa, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Abwana ako alembere kalata, osati kungowauza pakhonde, yopempha kuti akonze chimbudzi chimodzi: akulitse chitseko, aike zogwirira. Yamba wafufuza, mwina chilipo kale. M'maofesi ambiri chimbudzi cha anthu aulumali chimakhala chokhoma, m'kati mwadzaza mamopu, zidebe ndi mipando yothyoka, kiyi ali ndi munthu amene wapita kumaliro.

Azakhali,

Bambo anga a zaka 68 anadwala sitiroko chaka chatha ndipo mbali imodzi sigwira. Achimwene anga a ku Joni anawatumizira njinga yokongola yonyezimira, koma pakhomo pathu ndi pamchenga, imangotitimira. Bambo amakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo pansi pa mtengo wa mango, atapendekera mbali imodzi. Powasambitsa ndaona kuti pathako pada ndipo payamba kusupuka. Anthu akuti ndizipakapo mafuta n'kumasisita. Nditani?

Mwana wamkazi, Ntcheu

Apa nthabwala ndayamba ndaika pambali. Mwana wanga, usasisitepo, usapakepo mankhwala otsukira mano, phulusa kapena masamba. Chimenecho ndi chilonda chobwera chifukwa chokhalira malo amodzi nthawi yaitali. Fupa limapanikiza mnofu, magazi sayenda, mnofu n'kuyamba kufa. Choipa chake n'chakuti kawirikawiri chimayambira m'kati, ndiye chimene ukuona pamwambacho chikhoza kukhala chaching'ono kuposa chimene chili pansi. Zilonda zimenezi zikalowa mafinya zimapha. Apite kuchipatala sabata ino, ndipo kufikira chitapola asakhalire kapena kugonera mbali imeneyo. Pabedi muziwatembenuza pakatha maola awiri aliwonse, nsalu zikhale zouma ndi zosakwinyika, ndipo adye zopatsa thanzi: nyemba, mazira, usipa, nsinjiro.

Akadzachira n'kubwerera panjinga, asamakhale tsiku lonse osasuntha. Pakatha mphindi 15 mpaka 30 aziweramira kutsogolo kapena kupendekera uku ndi uku kuti magazi ayende, ndipo ngati sangathe okha muziwathandiza. M'mawa ndi madzulo muziyang'ana pathako, m'chiuno ndi kuzidendene. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho muziona ngati pada kuposa pozungulira, patentha kapena palimba. Akhale ndi khushoni yeniyeni ya panjinga. Pilo wa pabedi kapena chitenje chopinda sizithandiza, ndipo chubu cha galimoto chopopa chimene ena amakhalira chimangowonjezera vuto.

Tsopano achimwene akowo. Mtima wawo ndi wabwino, Mulungu awadalitse, koma anagula njinga ya m'chipatala, yokankhira wodwala kuchoka kuwodi kupita kojambula pasimenti yosalala. Ku Johannesburg m'sitolo imaoneka bwino. Pamchenga wa ku Ntcheu timagudumu take tating'ono takutsogolo timangokumba. Ikuonekanso kuti ndi yaikulu kuposa thupi la bambo, n'chifukwa chake akupendekera, ndipo kupendekerako ndi kumene kukuunjika thupi lonse pafupa limodzi. Bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo mu 2008 onena kuti njinga isamangoperekedwa: munthu ayambe wapimidwa ndi wodziwa, ayezedwe, njinga ikonzedwe molingana ndi thupi lake ndi malo amene amakhala, aphunzitsidwe kuigwiritsa ntchito, kenako aziyenderedwa.

Pita nawo kwa amafizo pachipatala cha boma, akawaone ndi njinga yawo yomwe. Ukafunsenso za bungwe la MAP, limene linayamba ndi dzina lakuti Malawi Against Polio ndipo pano ndi Malawi Against Physical Disabilities. Iwowa ndi amene amayendetsa chipatala cha mafizo cha Kachere ku Blantyre, ndipo akhala akupanga njinga zoyenera misewu yathu kwa zaka zambiri. Pamchenga ndi pamiyala njinga imene imachita bwino ndi ya magudumu atatu, yokhala ndi gudumu limodzi lonenepa kutsogolo. Ija yopalasa ndi manja ngati njinga yakapalasa ndi yabwino kwa wamphamvu m'mikono woyenda mtunda wautali, kupita kumsika kapena kusukulu, koma bambo ako a dzanja limodzi siingawathandize, ndipo m'nyumba silowa. Ubwino wa njinga ya matayala a njinga wamba ndi wakuti ikaphulika chubu kapena kuduka sipoko, wokonza njinga wa pansi pa mtengo pa Kampepuza akonza tsiku lomwelo. Yochokera kunja ikathyoka kagudumu kamodzi, mudzaimika kuseri kwa chitseko mpaka nkhuku zidzayambe kuikiramo mazira.

Mafizo asasiye, ndipo mankhwala a BP ngati anapatsidwa azimwa tsiku lililonse, chifukwa sitiroko imabwereza. Pansi pa mango paja musamangowasiya ayang'ane msewu. Pakakhala njinga yoyenda pamchenga, apite nawo kutchalitchi, kubwalo la mfumu, kudimba akakalipire anyamata kuti mizere yakhota. Achimwene a ku Joni auze kuti ulendo uno asatumize katundu pabasi. Atumize ndalama ya khushoni ndi ya thiransipoti yopitira kwa amafizo, ndipo ngati anakulonjeza foni yatsopano, idikire Khrisimasi.